Napolo akatsika m'phiri amathera ku Chilwa

Ife okhala kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa, kuchokera ku Kachulu mpaka kumidzi ya kwa Mwambo ndi kwa Kuntumanji, tili ndi zathu zimene timaopa. Timaopa madzi osefukira, chilala, kolera ndi kuphwa kwa nyanja. Nkhani ya kugumuka kwa mapiri timaimvera pa wailesi ngati ya anthu ena. Kuno n'kuchidikha, malo ake ndi athyathyathya ngati mphasa, ndipo phiri la Zomba lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchokera padoko la Kachulu. Mwala wogubuduka kumeneko ungatipeze bwanji kuno?

Makolo athu sankaiona choncho nkhaniyi. Iwo ankati kunsi kwa phiri kumakhala Napolo, chinjoka chachikulu, ndipo tsiku limene wafuna kusamuka amaboola phiri n'kuyamba ulendo wa kunyanja, akuzula mitengo, kugubuduza miyala ndi kukokolola midzi imene yamutsekera njira. Za njokazo aliyense ali ndi maganizo ake. Koma za njira imene Napolo amadzera ndi kumene amathera, akuluakuluwo anaona bwino. Likangala, Domasi, Thondwe, Phalombe ndi Sombani ndi mitsinje yochokera kumtunda yothira m'Chilwa, ndipo Chilwa alibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi amauma ndi dzuwa, koma dothi ndi mchenga zimene zabwera nawo zimatsala konkuno.

Mbiri ya ngozizi ndi yaitali. M'katikati mwa Disembala 1946, pamene Zomba inali likulu la Nyasaland, kunagwa mvula ya mamilimita oposa 700 m'maola 36 okha. Mbali zina za phiri zinagumuka, matope ndi miyala zinatsika m'mitsinje ya m'tauni monga Mulunguzi n'kukokolola milatho, nyumba ndi minda. Anthu oposa 20 anafa. Ngozi imeneyi ndi imene inabala nyimbo ya Napolo ya a Paseli Brothers, ndipo patapita zaka mlembi Steve Chimombo anatcha buku lake la ndakatulo la 1987 dzina lomwelo. Pa 10 Malichi 1991 linagumuka phiri la Michesi ku Phalombe, amene panthawiyo anali mbali ya boma la Mulanje, ndipo anthu pafupifupi 500 anatisiya. Ngozi ziwiri zonsezi zinachitikira m'madera amene madzi ake amathera ku Chilwa.

Za namondwe wa Freddy sindifunika kukumbutsa munthu. Namondweyu anayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale 2023, anayenda kwa milungu yoposa isanu, ndipo atafika kuno m'Malichi anagumula phiri la Soche pamwamba pa anthu a ku Chilobwe, anafafaniza mudzi wa Ntauchira ku Chiradzulu, n'kusiya zipsera m'mapiri a Mulanje ndi Phalombe zimene zikuonekabe mpaka lero. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, ndipo oposa 600,000 anasowa pokhala.

Chimene chimandidandaulitsa monga mphunzitsi ndi chakuti zonsezi zili m'mabuku a jogalafe a kusekondale, koma m'Chingerezi. Ophunzira amaloweza mayina a mitundu ya kugumuka kwa nthaka, amakhoza mayeso, koma ukawafunsa kuti Napolo ndi mtundu uti mwa imeneyi, amayang'anana. Kwa iwo za m'buku ndi zina, za agogo ndi zina. Pa Chichewa zonse timangoti kugumuka, chonsecho kugumuka kuli mitundumitundu, ndipo mtundu uliwonse uli ndi kayendedwe kake ndi zizindikiro zake.

Mtundu wosavuta kuumvetsa ndi kugwa kwa miyala. Thanthwe la paphompho limakhala ndi ming'alu. Masana limatentha n'kufufuma pang'ono, usiku limazizira n'kunyala, madzi amalowa m'ming'alu, mizu ya kachere imaikanula, mpaka tsiku lina chibenthu chimathothoka n'kugubuduka. Oyenda pamsewu wa M1 pa Chiweta ku Rumphi amazidziwa bwino zimenezi m'nyengo ya dzinja.

Kenaka pali kutsetsereka, pamene nthaka imasuntha yonse pamodzi. Kumachitika m'njira ziwiri. Pamene dothi ndi lochepa ndipo lakhala pamwamba pa thanthwe lotsetsereka, limasereruka ngati bulangeti lotsika pabedi, pamodzi ndi udzu ndi mitengo yake, n'kusiya thanthwe lili mbee. Zipsera zoyera zimene timaziona m'mapiri a Mulanje ndi Michesi zambiri ndi za mtundu umenewu. Pamene dothi ndi lakuya, makamaka lamakande kapena katondo, chigawo chake chimatitimira kumtunda n'kutumphukira kumunsi, malo ochokapo n'kuoneka ngati m'poto mmene mwadutsa chipande. Mtundu wachiwiriwu ndi umene timauona m'magombe a mitsinje yathu kuno kuchidikha.

Napolo weniweni ndi mtundu wachitatu, pamene nthaka imasanduka phala n'kuyenda ngati mtsinje. Nthawi zambiri amayamba ngati kutsetsereka kwa kachigawo kochepa pamwamba pa phiri. Dothi lokhuta madzilo likagwera m'khwawa limasungunuka, limasakanikirana ndi madzi a mumtsinje, ndipo potsika limakokolola chilichonse cha m'khwawamo: mchenga, miyala, zitsa, mitengo yathunthu. Likamatsika limakula. Phala limeneli limalemera pafupifupi kawiri kuposa madzi wamba, n'chifukwa chake limatha kunyamula miyala yaikulu ngati minibasi, imene madzi okha sangaisunthe. Liwiro lake limaposa la munthu wothamanga, ndipo pamalo otsetsereka kwambiri limafanana ndi la galimoto.

Mukamva mmene akatswiri amamufotokozera, mudzaona chifukwa chimene makolo anati ndi njoka. Kutsogolo kumakhala mutu wa miyala ikuluikulu ndi mitengo, pambuyo pake thupi la matope, kumapeto mchira wa madzi amatope. Njira yake ndi yopapatiza ndi yokhotakhota chifukwa amatsata khwawa. Amabwera ndi mkokomo ngati wa mabingu, nthaka imanjenjemera, ndipo nthawi zina amabwera m'magulu, wina kudutsa, kukhala bata, wina n'kutsatira. Akafika m'tsinde mwa phiri pamene malo ayamba kuyala, mphamvu imamuthera ndipo amamwaza katundu wake ngati lichero. Malo oterowo amakhala okwera pang'ono, a nthaka yabwino, madzi ali pafupi, kotero anthu amakonda kumangapo midzi. Miyala ikuluikulu imene mumaiona ili yokhayokha pakati pa minda m'tsinde mwa mapiri a Zomba, Malosa ndi Mulanje sinamere pamenepo. Ina inagubuduka kuchokera kuphompho, ina inabwera ndi anapolo akale, ndipo njira imene inadzera ikadalipo.

Pali mtundu wina umene supha munthu tsiku limodzi ndipo sumveka pa wailesi, kukwawa kwa nthaka. Dothi la pamalo otsetsereka likanyowa limafufuma, likauma limanyala, ndipo nthawi iliyonse limasunthira kumunsi pang'ono zedi, mwina mamilimita ochepa pa chaka. Maso sangaone kuyendako koma zotsatira zake zimaoneka. Mitengo imapindika patsinde ngati ndodo ya agogo, mapolo a magetsi ndi mipanda zimapendekera kumunsi, khoma la nyumba limang'ambika, chitseko chimene chinkatsekeka bwino chimayamba kukana. Kukwawa kukayamba kufulumira, kawirikawiri ndiye kuti malowo akukonzekera kutsetsereka.

Nanga chimachititsa n'chiyani? Pamalo alionse otsetsereka pali mphamvu ziwiri zolimbana usana ndi usiku. Ina ndi kulemera kwa dothi ndi miyala, kumene kumazikokera kumunsi. Ina ndi kugwirana kwa dothilo, lokhalokha komanso ndi thanthwe la pansi pake. Thirani mchenga wouma pamulu ndipo muone. Muluwo umakwera mpaka mbali zake zitapendeka madigiri a pakati pa 30 ndi 35, ukapitirira apo umagumuka wokha. Phiri limene laima zaka zikwizikwi laima chifukwa kugwirana kukuposa kulemera, nthawi zina mochepa kwambiri. Chilichonse chowonjezera kulemera kapena chochepetsa kugwirana chikhoza kusintha zinthu.

Mapiri athu anabadwa kale ndi vuto. Phiri la Zomba limakwera kuposa mamita 2,000 pamene nyanja ya Chilwa ili pa mamita ongopitirira 600, ndipo Sapitwa ku Mulanje amafika mamita 3,002. Mapiriwa ndi a miyala yolimba ya syenite ndi granite, ndipo mbali zake ndi zotsetsereka kwambiri. Kutentha ndi mvula ya kuno zimafumbutsa pamwamba pa mwalawo n'kupanga dothi, koma pansi pamakhalabe thanthwe losalowa madzi. Ndiye kuti pali dothi lomwa madzi ngati siponji, lokhala pamwamba pa mwala wosalala wopendekeka. Izi sizinachitidwe ndi munthu.

Chimene chimayambitsa ngozi nthawi zambiri ndi madzi, ndipo amagwira ntchito m'njira zingapo. Choyamba amalemera. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi. Mvula ya mamilimita 100 ikagwa pa hekitala imodzi, pagwa matani 1,000 a madzi. Ya 1946 ija inali matani 7,000 pa hekitala iliyonse, ndipo nthawi ya Freddy ku Nkhulambe m'boma la Phalombe kunagwa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi. Si onse amalowa pansi, koma olowawo ndi okwanira.

Kulemerako si kumene kumaopsa kwambiri. Choopsa ndi chimene madzi amachita m'kati mwa dothi. Aliyense amene anapondapo dothi loumbira njerwa akudziwa. Madzi akakhala ochepa dothi limagwirana mpaka kuumbika, koma ukawonjeza ndowa ina limasanduka phala lothawa m'chikombole. M'phiri madzi amalowa mpaka kufika pathanthwe, akalephera kupitirira amayamba kudzaza timipata ta m'dothi kuchokera pansi kukwera m'mwamba. Timipatato tikadzaza, madzi amakankha tinthu ta dothi kuti titalikirane, ndipo dothi limakhala ngati layandama pamwamba pa thanthwe. Kugwirana kuja kumatha, kulemera n'kupambana.

N'chifukwa chake mvula ya dzulo ndi dzana imawerengedwa pamodzi ndi ya lero. Taonani miyezi yake. Michesi anagumuka m'Malichi. Namondwe wa Idai, amene anagumula mapiri a Chimanimani ku Zimbabwe mu 2019, anabwera m'Malichi. Freddy, m'Malichi. Kumapeto kwa dzinja nthaka imakhala itakhuta kale, ndiye mvula imene mu Novembala ikanangomwedwa, m'Malichi imasowa kolowa. Ya Disembala 1946 inagumula phiri dzinja lisanakhwime chifukwa cha kuchuluka kwake kosaneneka.

Zivomezi nazo zimagwedeza malo amene anali pafupi kugwa. Dziko lathu lili m'chigwa chachikulu cha Rift Valley, ndipo tinaona zivomezi zoononga ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009. Komabe kuno kum'mwera ngozi zazikulu zonse zimene ndatchulazi zinabwera ndi mvula.

Mbali ya munthu ndi imene imautsa mikangano. Njira yachangu yogumulira phiri ndi kulidula kuphazi. Munthu akafuna kumanga nyumba pamalo otsetsereka amasema phiri kuti apeze pathyathyathya, n'kusiya khoma la dothi kuseri kwa nyumba. Dothi limene wachotsalo ndi limene linkachirikiza la kumtunda. Mnzake amasema pamwamba pake, wina pamwamba pa ameneyo, ndipo madzi a padenga lililonse, a kubafa ndi a m'chimbudzi amalowa m'nthaka yomweyo. Misewu, migodi ya miyala ndi maenje a njerwa zimachitanso chimodzimodzi. Kuunjika katundu pamwamba kumaopsanso. Ku Aberfan m'dziko la Wales, pa 21 Okutobala 1966, mulu wa zinyalala za mumgodi wa malasha umene unaunjikidwa pamwamba pa akasupe unasungunuka ndi mvula n'kukwirira sukulu ya pulayimale. Anthu 144 anafa, 116 mwa iwo ana. Mphunzitsi aliyense akamva nkhani imeneyi amayang'ana kuseri kwa kalasi yake.

Nanga mitengo? Freddy atadutsa, pafupifupi aliyense wolankhula pa wailesi ankati vuto ndi kudula mitengo. Zoona zilimo. Mizu imaluka dothi ngati ukonde, ina imalowa m'ming'alu ya thanthwe n'kukhala ngati zikhomo, ndipo mtengo umamwa madzi ambiri m'nthaka. Mtengo ukadulidwa mizu yake sifa tsiku lomwelo, imaola pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, kotero phiri limene lametedwa chaka chino likhoza kuoneka lolimba mpaka mizu itatha. Moto wolusa umene umatentha mapiri chilimwe chilichonse umasiyanso nthaka pambalambanda mvula yoyamba ikamabwera.

Koma tisanamizane kuti mitengo yokha ingatseke njira ya Napolo. Mu 1946 phiri la Zomba silinali lometedwa ngati lero, koma linagumuka. Mizu yambiri imathera m'mita imodzi kapena awiri a pamwamba, ndipo kugumuka kukayambira pansi kuposa apo, nkhalango yonse imatsetsereka ili chiimire. Mitengo imachepetsa kugumuka kwa pamwamba, kumene kumachitika kawirikawiri, ndipo imachepetsa kukokoloka kwa nthaka chaka ndi chaka. Pa zifukwa zimenezi tiyenera kuibzala ndi kuisamala. Koma kuuza munthu wokhala pakamwa pa khwawa kuti wapulumuka chifukwa kumtunda kwabzalidwa mbande ndi kumuika pangozi. Ndinenenso kuti ife a kunyanja sitingaloze chala owotcha makala okha. Nkhuni zowambira milamba ndi zootchera mauvuni a njerwa kuno kwathu zimachokera kwinakwake, ndipo njinga zimene zimabwera nazo tonse timaziona.

Tibwere kwathu tsopano. Napolo akamwaza katundu wake, miyala ikuluikulu imatsala m'tsinde mwa phiri, nsangalabwi zimapitirira pang'ono, koma mchenga ndi matope zimayenda ndi mtsinje mpaka kuno. Ndipo sizibwera tsiku limodzi lokha. Chipsera cha paphiri chimakhala chopanda chomera kwa zaka, makwawa amakhala odzaza ndi zogumuka, choncho dzinja lililonse mtsinje umatengako pang'ono. Ukafika kuchidikha liwiro limachepa ndipo umatula mchengawo pansi pake. Mtsinje umene unali wakuya umasanduka wosaya, madzi amene kale ankakwanamo amasefukira, ndipo nthawi zina umasiya njira yake n'kudzera m'minda. Alimi a m'masikimu a mpunga a Likangala ndi Domasi akudziwa ntchito yokumba mchenga m'ngalande. Munda ukakwiriridwa ndi matope abwino mlimi amapindula, ndipo chidikha chonsechi chinamangidwa ndi dothi lochokera kumtunda kwa zaka zosawerengeka. Koma ukakwiriridwa ndi mchenga wa m'phiri, mpunga sukula.

Zotsala zimalowa m'nyanja. Chilwa ndi nyanja yosaya, m'malo ambiri sipitirira mamita atatu ngakhale itadzaza. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo inatsala pang'ono kutheratu mu 2012 ndi mu 2018. Chimene chimaphwetsa nyanjayi makamaka ndi kuchepa kwa mvula zaka zotsatizana, ndipo sindikufuna kunamizira mapiri mlandu wa chilala. Komabe madzi a m'mbale yosaya amauma msanga kuposa a mumtsuko, ndipo dothi lililonse lolowa m'nyanja yopanda potulukira limaichepetsa kuya. Madambo a njedza ndi mabango ozungulira nyanja amasefa matope ambiri asanafike pamadzi oyera. Tikamawatentha ndi kuwalima mpaka kumapeto, tikuchotsa sefa. Msodzi wa matemba wogona pa chimbowera pakati pa nyanja ali ndi gawo pa zimene zikuchitika pamwamba pa phiri la Zomba, ngakhale sanakwereko chibadwire.

Tilinso ndi kugumuka kwathu kwakung'ono kumene sitikuwerengera. Gombe la mtsinje limagumuka kawirikawiri madzi akamaphwera, osati akamakwera. Mtsinje ukadzaza, dothi la m'gombe limamwa madzi koma madzi a mumtsinje amalichirikiza. Akatsika mofulumira, gombe limatsala lolemera, lonyowa, lopanda chotsamira, ndipo limagwa. Imeneyi ndi nthawi yomwe amayi amabwerera kukachapa, ana kukasambira, ndi okumba mchenga kukalowa kunsi kwa gombe. Zitsime zosamangira ndi zimbudzi zokumbidwa m'dothi lotayirira zimagwa pa chifukwa chomwecho. Pa chilumba cha Chisi ndi pa phiri la Mpyupyu pali malo otsetsereka amene akulimidwa, ndipo malamulo a kulemera ndi kugwirana ndi omwewo ngakhale phiri likhale laling'ono. Tisaiwalenso kuti ana athu akapita kukafuna ntchito ku Blantyre amakapeza nyumba zotsika mtengo m'mbali mwa mapiri a Soche, Ndirande ndi Bangwe.

Phiri silimagwa nthawi zonse mosachenjeza. Mng'alu watsopano m'nthaka kumtunda kwa nyumba kapena kwa munda, makamaka wopingasa ndi wokhota ngati uta, ndi chizindikiro chachikulu, ndipo ukamakula tsiku ndi tsiku nkhani yafika poipa. Kasupe wotumphuka pamene panalibe madzi, kasupe wakale wouma mwadzidzidzi m'kati mwa dzinja, mitengo yoyamba kupendekeka, nthaka yotumphuka m'munsi mwa chitunda, zonsezi zikunena kuti pansi pakuyenda. Mtsinje umachenjezanso. Madzi ake akasanduka matope mwadzidzidzi, kapena akayamba kubwera ndi zitsa ndi masamba ambiri, kumtunda kwagumuka. Choopsa koposa ndi mtsinje wophwera mvula ili m'kati. Ndiye kuti zogumuka zatseka khwawa n'kupanga damu, ndipo damu lotero silichedwa kuphulika. Imeneyo si nthawi yopita kukaona chimene chachitika.

Pothawa, munthu asathamangire kumunsi motsata khwawa, chifukwa Napolo amamupeza. Athawire m'mbali, kuchoka m'njira ya madzi, n'kukwera pamalo okwera. Ndipo asafulumire kubwerera kukatenga katundu, poti wachiwiri amatha kutsatira woyamba. Kumangochitika kuti mvula yotere imakonda kulimba usiku anthu ali m'tulo. Banja lokhala pamalo okayikitsa likamva chenjezo la namondwe lochokera ku nthambi yoona za nyengo, kuli bwino likagone kwa abale kapena kusukulu kusanade, ngakhale anzawo aliseke m'mawa kukacha bwino.

Kumbali ya malamulo, dziko lathu limaphunzira maliro atachitika. Lamulo loyamba lokhudza kukonzekera ngozi linabwera mu 1991, chaka cha ngozi ya ku Phalombe. Latsopano linavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo mu 2023, Freddy atangodutsa. Kusamutsa anthu m'malo oopsa n'kofunika, koma amene amadabwa kuti anthu amabwereranso kumalo komweko sanakhalepo wopanda munda. Munthu sabwerera chifukwa chosamva. Amabwerera chifukwa kumene wapatsidwako kulibe polima, kulibe madzi, kapena kuli kutali ndi kumene amapeza ganyu. Ku Zomba komweku kuli likulu la nthambi ya boma yoona za miyala ndi nthaka, komanso University of Malawi. Ndikanakonda mapu osonyeza malo oopsa akanafika kwa mafumu amene amagawa malo ndi kumakomiti a m'midzi oona za ngozi, olembedwa m'Chichewa ndi m'Chiyao, otchula makwawa ndi mayina amene anthu amawadziwa.

Pali china chimene sukulu zathu zingachite popanda kudikira thandizo. Chitini cha mbali zowongoka, choikidwa pabwalo kutali ndi denga ndi mitengo, ndi choyezera mvula chokwanira. Ophunzira amaviika rula m'mawa uliwonse nthawi yofanana, amalemba mamilimita m'kope, amataya madziwo. Pakatha milungu ingapo kopelo limaonetsa mmene nthaka yakhutira, ndipo mamilimita 100 a tsiku limodzi akagwera pamwamba pa sabata yamvula, aliyense amadziwa kuti zinthu zafika pena. Sukulu za m'tsinde mwa phiri ndi za kuno kunyanja zili pa mitsinje imodzimodzi. Madzi ochokera ku Mulunguzi amatenga maola angapo kuti adutse m'Likangala n'kufika m'minda yathu ya mpunga, pamene uthenga wa pa foni umafika nthawi yomweyo. Aphunzitsi a jogalafe a m'mbali mwa Likangala tikanakhala ndi gulu limodzi la WhatsApp, ndipo a m'mbali mwa Domasi lawo, mnzathu wa kumtunda akanatiuza usiku womwewo kuti chitini chadzaza ndipo mtsinje wasanduka wofiira, ife n'kuuza amfumu kuti ana asaoloke m'mawa.